Cocci, diplococci, staphylococci: zomwe timatanthauza ife a ku labu tikalemba mawu amenewa

Ntchito yanga ndi ya mu labu pa chipatala china cha boma, ndipo mbali yomwe ndimaikonda ndi yomwe anzanga ambiri amaizemba: kukhala pa maikulosikopu n'kumasuzumira mafinya, makhololo, mkodzo ndi madzi a mu msana. Zomwe ndaona ndimazilemba pa kapepala, ndipo kapepalako nthawi zambiri kamapita ku wodi kali m'manja mwa gadiyani. Panjira gadiyani salephera kukatambasula. Amapezapo mawu monga "Gram-positive cocci in clusters", mwinanso zilembo zinayi zokha, GNDC (chidule cha Gram-negative diplococci), ndipo ena amabwerera pa windo la labu nkhope ili yakugwa kudzafunsa ngati m'bale wawo achire. Ophunzira za unamwino ndi za labu akabwera kudzazolowera ntchito amafunsanso zomwezi, kungoti iwo chimawathamangitsa ndi mayeso.

Onsewa ndimayamba kuwauza chinthu chimodzi: mawu amenewa si dzina la matenda. Ndi umboni wa zomwe diso langa laona pa galasi, basi. Amanena zinthu zitatu: kachilomboko n'koumbika bwanji, kagwira utoto wanji, ndipo kakhala motani ndi tinzake. Dzina lenileni limabwera mochedwa, mawa lake kapena mkuja, ngati chipatalacho chili ndi zipangizo zodzalira tizilombo m'mbale. Adokotala sangadikire mkuja mwana akukomoka, n'chifukwa chake timathamangitsa kaye yankho la diso.

Mafinya akafika, ndimatengako pang'ono n'kupaka pa silaidi mopyapyala. Ndimadikira aume, kenako ndimadutsitsa silaidiyo pa lawi la moto kuti zimatirire. Ndimathira utoto wapepo wotchedwa crystal violet, ndimatsuka, ndimathira ayodini, ndimatsukanso. Apa pamabwera acetone, yemwe amakhalapo masekondi owerengeka chabe, ndipo pomaliza utoto wofiira, safranin kapena neutral red, malinga ndi womwe ulipo mu sitolo. Njirayi anaitulukira Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, mu 1884 ali ku Berlin, pomwe ankafunafuna tizilombo m'mapapo a anthu omwe anafa ndi chibayo. Mabakiteriya okhala ndi khungu lochindikala amaukakamira utoto wapepo uja ngakhale acetone awadutse, ndipo amenewa ndiwo Gram-positive. A khungu lopyapyala amasukuluka n'kutenga wofiira uja, ndiwo Gram-negative. Mawu akuti positive pano sakutanthauza kuti munthu wapezeka ndi chinachake monga momwe tinazolowerera ku HIV kapena malungo, ndipo negative sakutanthauza kuti ali bwino. Ndi pepo ndi kufiira chabe. Ndinaonapo gogo wina akuthokoza Mulungu pa khonde chifukwa mdzukulu wake anamuwerengera kuti pepala lalembedwa negative, pomwe ife mkati tinali kuimbira foni ku wodi kuti afulumire ndi jakisoni.

Silaidi ikauma ndimadonthezapo mafuta n'kutsitsa lenzi ya 100. Pamodzi ndi galasi la kumaso la 10, chinthu chimakula ka 1,000. Ngakhale zili choncho, tizilombo timeneti timaoneka ngati timadontho, pakuti kamodzi kamangofika pafupifupi micrometre imodzi. Mutatindandalika tokwana 1,000 mumzere, tingokwana milimita imodzi ya pa rula.

Kachilombo kakakhala kobulungira timakatchula coccus, tikachuluka ndi cocci, ndipo mu labu mudzamva tikuti "kokai". Mawuwa anachokera ku Chigiriki, kokkos, njere ya chipatso. Totalika ngati timitengo ndi bacilli, ndipo timeneto ndi nkhani ina. Pakatikati pali coccobacilli, tofupika kwambiri moti umakayika ngati n'tobulungira kapena n'totalika. Haemophilus influenzae ali m'gulu limeneli, ndipo anzathu akale pantchito amati ankamuona kawirikawiri m'madzi a mu msana a ana katemera wake asanabwere mu 2002.

Mayina ena onse aja amachokera pa momwe kachilomboko kamaberekerana. Bakiteriya sabala mwana, amadzidula pakati n'kukhala awiri. Awiriwo akapanda kulekana amaoneka atagundana, ndipo amenewo ndi diplococci. Akapitiriza kudzidula moloza mbali imodzimodzi, mzere umatalika n'kumapindika, ndiwo streptococci, dzina lomwe Theodor Billroth, dokotala wa maopaleshoni ku Vienna, anapereka mu 1874 kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za chinthu chopotoka ngati unyolo. Akamadzidula uku ndi uku mosatsata mzere amaunjikana mulu. Alexander Ogston wa ku Aberdeen anawaona m'mafinya a zithupsa mu 1880, ndipo pambuyo pake anawatcha staphylococci, kutanthauza tsango la mphesa. Mphesa ambirife timangozimva ku tchalitchi, koma mukadzauona muluwo kamodzi pa galasi simudzauiwala. Palinso tetrad, anayi okhala awiri uku awiri uku, monga amachitira Micrococcus wa pakhungu, ndi sarcina, asanu ndi atatu osanjikizana ngati kabokosi. Sarcina ameneyu ophunzira amakumana naye kwambiri pa pepala la mayeso kusiyana ndi pa benchi.

Mpaka apa zimamveka zophweka, ndipo wophunzira aliyense amaloweza tsiku limodzi. Vuto limayamba pamene mawu ofotokoza kakhalidwe aja akhalanso mayina a mafuko. Pali fuko lotchedwa Staphylococcus ndi lina Streptococcus, olembedwa ndi chilembo chachikulu, ndipo tizilombo sitimvera mabuku nthawi zonse. Staphylococcus wa m'mafinya atsopano amatha kuoneka awiriawiri kapena mu kamzere ka atatu. Streptococcus wotengedwa pa mbale youma amatha kuunjikana ngati mulu, mizere yake yaitali imaoneka bwino akakulira m'madzi. Enterococcus, yemwe amakhala m'matumbo ndipo amavutitsa mu mkodzo, ankawerengedwa ngati Streptococcus mpaka 1984. Ndiye pali pneumococcus, mwini wake wa chibayo, yemwe amakhala awiriawiri ndipo kwa zaka zambiri ankatchedwa Diplococcus pneumoniae, mpaka mu 1974 pomwe anamusamutsira ku fuko la Streptococcus. Choncho diplococcus si fuko ayi, ndi kakhalidwe chabe.

N'chifukwa chake sindilemba "Staphylococcus aureus" ndikangoona mulu wapepo. Adokotala ena achinyamata zimawanyansa. Wina anandiimbira kuti, "Achimwene, bwanji osangolemba Staph? Tonse tikudziwa kuti ndi iyeyo." Ndinawayankha kuti mwina ndi iyeyodi, ndipo pa chithupsa chotere angathe kuyamba mankhwala moganizira iyeyo, koma dzina ndilemba mawa akamera. Akamera m'mbale ndimatola pang'ono n'kuika pa dontho la hydrogen peroxide. Likachita thovu nthawi yomweyo, ndiye kuti ndi wa ku banja la Staphylococcus, pakuti a Streptococcus ndi Enterococcus sachititsa thovu. Kuyeza kumeneku ndi catalase, ndipo sikutenga ndi mphindi yomwe. Kenako pali coagulase: ndikamusakaniza ndi plasma (madzi a m'magazi) n'kuundana, ameneyo ndi aureus, woopsa uja wa zithupsa, zilonda za opaleshoni, mafupa ndi magazi. Dzina lakuti aureus ndi la golide, chifukwa m'mbale amamera mwachikasu, ndipo anamutcha choncho ndi Friedrich Rosenbach mu 1884. Akapanda kuundana ndi abale ake ofatsa monga epidermidis, omwe aliyense wa ife ali nawo pakhungu pompano.

Kusiyana kumeneku si kwa masewera. Botolo la magazi likamera "cocci in clusters", zitha kutanthauza kuti wodwala ali ndi aureus m'magazi, zomwe zimapha, kapena kuti wotenga magazi sanapukute bwino pakhungu ndipo singano inanyamula epidermidis polowa. Pa galasi awiriwa ndi ofanana ndendende. Ndimakondwa namwino akamandifunsa kuti coagulase yatuluka bwanji asanauze abale chilichonse.

Koma mawu omwe ndawaona akusokoneza mabanja ndi diplococci. Alipo awiri otchuka, ndipo amasiyana utoto ndi kaumbidwe. Pneumococcus ndi wapepo, ndipo awiriwo amagundana kumatako, mitu yosongoka italoza kunja. Nthawi zina umaona kampata koyera kowazungulira, chomwe ndi chikuto chawo. Winayo ndi Neisseria, wofiira, ndipo awiriwo amakhala ngati nyemba ziwiri zoyang'anizana kumimba, kawirikawiri ali mkati mwa maselo oyera a m'mafinya. Ameneyu ndiye timamulemba GNDC.

Usiku wina anabweretsa madzi a mu msana a kamtsikana ka zaka zinayi. Madzi abwinobwino a mu msana amakhala mbee ngati a pa mpopi, koma awa anali a mbuu, ndisanawaike n'komwe pa galasi ndinadziwa kuti muli mafinya. Maselo oyera anali thothotho, ndipo mkati mwa ena munali tiwiritiwiri tofiira. Ndinaimba ku wodi ya ana, anali atayamba kale jakisoni wopha mabakiteriya wa ceftriaxone, ndipo ndinalemba pepala. Kutacha, bambo a mwanayo anafika pa windo foni ili m'manja, maso ali psuu. Anali atalemba mawu a pa pepala aja pa intaneti, ndipo choyamba kutuluka chinali chinzonono.

"Adokotala, tandiuzani zoona ngati amuna anzanga. Mwana wa zaka zinayi chinzonono wachitenga kuti? Mayi ake akundibisira chiyani?"

Mayiwo anali ataima chapatali, chitenje chili kukamwa. Ndinawauza bambowo kuti alowe akhale pansi. Foni sinawanamize kwenikweni, inangowapatsa theka. Neisseria alipo awiri odwalitsa. Wina ndi gonorrhoeae wa chinzonono, yemwe Albert Neisser anamuona mu 1879, ndipo fuko lonse linatengera dzina lake. Wina ndi meningitidis, yemwe Anton Weichselbaum anamupeza mu 1887 m'madzi a mu msana a anthu odwala matenda oumitsa khosi. Pa galasi sungawasiyanitse. Chimawasiyanitsa poyamba ndi komwe tawapeza. Akapezeka m'mafinya otuluka kumaliseche kwa mwamuna, ndi chinzonono pafupifupi mosakayika. Akapezeka m'madzi a mu msana a mwana wotentha thupi ndi wouma khosi, ndi meningitidis. Ameneyu amakhala kummero ndi m'mphuno mwa anthu ambiri athanzi, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse, ndipo amayenda ndi chifuwa, kuyetsemula ndi kugona mothithikana m'chipinda chimodzi. Alibe chochita ndi za kuchipinda kwa akuluakulu.

Bambowo anakhala duu kanthawi, kenako anafunsa ngati ana ena kunyumba angadwalenso. Limenelo ndiye linali funso loyenera, ndipo ndinawaperekeza kwa adokotala a ku wodi, pakuti pa matenda amenewa a m'nyumba imodzi amapatsidwa mankhwala oteteza. Zomwe anakambirana ndi akazi awo pambuyo pake ndi za iwo eni.

Kunena zoona, Neisseria m'madzi a mu msana sitimuona pafupipafupi kuno. Miliri yake ikuluikulu imachitika m'mayiko a m'munsi mwa chipululu cha Sahara, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia. Kwathu bakiteriya yemwe wakhala akutsogola pa matenda oumitsa khosi ndi pneumococcus, wapepo uja. Ali ndi mitundu yoposa 90 malinga ndi chikuto chake, ndipo katemera wa PCV13, yemwe Malawi inayamba kupereka kwa makanda mu November 2011 pa masabata 6, 10 ndi 14, anapangidwa kuti agwire mitundu 13 mwa imeneyo. Ndiye mayi akamandifunsa kuti zatheka bwanji mwana wobayitsa kale n'kupezeka ndi pneumococcus, yankho limakhala pamenepo: katemera anachepetsa kwambiri, koma mitundu ina inatsala kunja.

Ophunzira a labu, apa ndi pomwe dzanja lanu limalemera. Kusiyana kwa pneumococcus ndi Neisseria pa galasi kwagona pa masekondi aja a acetone. Mukamusiya nthawi yaitali, wapepo amasukuluka n'kuoneka wofiira, ndipo mulemba GNDC pomwe pali pneumococcus. Mukapaka mochindikala, acetone salowa bwino, ndipo wofiira amatsala wapepo. Ine ndimayang'ana maselo oyera kaye: pa silaidi yabwino iwo amayenera kufiira. Akakhala apepo, silaidiyo ndimaitaya n'kuyambanso. Ndipo musadalire utoto wokha, yang'anani kaumbidwe, ngati mitu ili yosongoka kapena mimba zayang'anizana.

Nkhani ya komwe chinthu chachokera imabweranso pa makhololo. M'kamwa mwa munthu aliyense muli ma streptococci ochuluka osalakwa, ndiponso ma Neisseria ena ofatsa. Wodwala akangolavulira malovu m'kabotolo, ndidzaonamo cocci a mtundu uliwonse, mizere, awiriawiri, milu, ndipo zonsezo sizinena kanthu za m'mapapo. Ndimazindikira malovu poona maselo akuluakulu aphwatalala a m'kamwa atadzaza galasi. Makhololo enieni ochokera pansi pa chifuwa amakhala ndi maselo a mafinya, ndipo kachilombo kamodzi kamaoneka kuti kalamulira. Tikakubwezerani kabotolo kuti mukatsokomole bwino si nkhanza.

Pali dzina lina lomwe limapusitsa ngakhale ogwira ntchito m'chipatala: Cryptococcus. Limathera ndi coccus, chinthucho n'chobulungiradi, ndipo chimapezeka m'madzi a mu msana omwewo. Koma si bakiteriya. Ndi yisiti, wa m'gulu la mafangasi, wamkulu kangapo kuposa Staphylococcus, ndipo amaberekana pophukira kamwana pambali osati podzidula pakati. Timamuona bwino ndi inki yakuda ya India ink: galasi lonse limada, iye n'kuoneka ngati kabwalo koyera chifukwa inki silowa m'chikuto chake chochindikala. Masiku ano timagwiritsanso ntchito kachipangizo ka CrAg, kofanana ndi koyezera malungo. Amagwira kwambiri akuluakulu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi mutu wosasiya kwa masabata. Ceftriaxone samukhudza n'komwe. Amafuna amphotericin B, flucytosine ndi fluconazole, ndipo kafukufuku wa AMBITION, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022 n'kusintha malangizo a WHO pa kaperekedwe ka mankhwalawa, anachitikiranso ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Wophunzira wina atandifunsa ngati Cryptococcus ali ku banja la catalase yochita thovu kapena yosachita, ndinamuika pa maikulosikopu kuti adzionere yekha kukula kwake. Kuyambira pamenepo ndimawatchuliratu enanso: Echinococcus ndi njoka ya m'mimba mwa agalu, ndipo coccidiosis yomwe imatsegula nkhuku m'mimba mwa magazi siyamba ndi mabakiteriya.

Pa ma streptococci mudzaonanso zilembo, group A, group B. Zimenezi si maonekedwe, diso silingaziwone. Ndi magulu omwe Rebecca Lancefield wa ku New York anakhazikitsa mu 1933 potengera zomwe zili pa khungu la kachilomboko. Group B amakhala mwakachetechete m'njira ya amayi ena ndipo amatha kudwalitsa khanda m'masiku oyamba. Group A, yemwe ndi Streptococcus pyogenes, ndi wa zilonda za pakhosi, ndipo m'mbale ya magazi amasungunula magazi omuzungulira mpaka kuoneka mbee, pomwe pneumococcus amangosiya kubiriwira. Group A ameneyu ndimafuna makolo amudziwe. Zilonda za pakhosi zimatha zokha, koma mwa ana ena thupi polimbana naye limatembenukira mtima wake womwe, ndipo patapita zaka mwana amayamba kupuma mobanika ndi kutupa miyendo. Achinyamata omwe mumawaona akubwera mwezi ndi mwezi kudzabayitsa benzathine penicillin, ambiri nkhani yawo inayambira pakhosi.

Pepala lina limabwera litalembedwa "no organisms seen", ndipo abale amadabwa kuona wodwala akupitirizabe kulandira jakisoni. Mawuwo akungonena kuti pa kadontho komwe ndinapaka sindinaone kanthu. Kuti diso liwaone, mabakiteriya amayenera kukhala ochuluka ndithu, ndipo munthu akakhala kuti anamwa kale makapusozi a amoxicillin ogula pa golosale, amachepa, ena amatupa n'kutaya utoto, ndipo m'mbale samera. Adokotala amayang'ananso maselo oyera, shuga ndi mapuloteni a m'madzimo, ndi momwe wodwalayo alili. Choncho mukafunsidwa ngati wodwala anamwako kalikonse kunyumba, nenani dzina la mankhwala ndi tsiku lomwe anayamba, palibe amene akukalipireni mpaka kukubwezani.

Kwa anamwino ndi onyamula mabotolo, lembani pa fomu komwe chinthucho chachokera, osangoti "pus". Mafinya a m'diso la khanda la masiku atatu ndimawayang'ana mofunafuna Neisseria wa chinzonono, yemwe amatha kuboola diso m'masiku ochepa, pomwe a pa chithupsa cha m'khwapa ndimayembekezera mulu wapepo. Ndipo madzi a mu msana musawaike mu fuliji podikira kuti kuche. Neisseria ndi Haemophilus sapirira kuzizira, amafa tisanawadzale. Bwerani nawo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mugogode pa windo.